Mapiritsi a khansa ya m'mawere: sabata yopumira si yoti mudumphe

Anthu akamva kuti palbociclib, piritsi la khansa ya m'mawere, ndi mankhwala "olunjika pa khansa", amaganiza kuti thupi lonse silikhudzidwa, ndiye kukayezetsa magazi n'kungotaya ndalama ya thiransipoti. Maganizo amenewa akugonetsa anthu m'chipatala.

Khansa imakula maselo (tizigawo ting'onoting'ono topanga thupi) akamagawikana mosalekeza. Selo lisanagawikane liyenera kukopera DNA yake, yomwe ndi malangizo a m'kati mwa selo. Amene amalipatsa chilolezo ndi ma enzyme (mapuloteni oyendetsa ntchito za m'selo) awiri, CDK4 ndi CDK6, akagwirana ndi puloteni ina yotchedwa cyclin D. Amafooketsa puloteni ya Rb, yomwe ndi buleki ya selo. Palbociclib, amene anavomerezedwa ku America mu 2015, amatseka ma enzymewa kuti bulekiyo igwirebe. Pa kafukufuku wa PALOMA-2, amayi omwe ankamwa mankhwalawa pamodzi ndi letrozole, mankhwala ochepetsa mahomoni achikazi, anatha miyezi pafupifupi 25 khansa isanakulenso, pomwe a letrozole yekha anatha miyezi 14 ndi theka. Palbociclib amaperekedwa pa khansa yomwe imakula chifukwa cha mahomoni, yopanda puloteni yochuluka ya HER2, choncho osadula kanyama kukayeza, palibe chomwe tikudziwa.

Tsono ma enzyme omwewa amagwiranso ntchito m'mafupa momwe magazi amapangidwira. N'chifukwa chake piritsi la 125 mg limamwedwa masiku 21, kenako 7 kupuma, kuti maselo oyera a m'magazi, omwe amateteza thupi ku matenda, abwerere. Magazi amayezedwa poyamba mwezi uliwonse, komanso tsiku la 15 m'miyezi iwiri yoyambirira. Thupi likatentha kufika 38, pitani kuchipatala usiku womwewo. Musamwe Panado n'kudikira kuti kuche.

Chimene chimandisowetsa mtendere ndi wodwala amene wayamba mankhwala a TB kuchipatala china osanena kuti akumwanso a khansa. Rifampicin, mmodzi mwa mankhwala a TB, amachititsa chiwindi kuphwanya palbociclib mofulumira, moti otsala m'magazi amatsika ndi 85 peresenti. Mayiyo amamwa mokhulupirika tsiku ndi tsiku, chotupa chikukulabe, achibale n'kumati mankhwala achizungu alephera. Ritonavir, wopezeka m'ma ARV ena, amachita zosiyana: palbociclib amachuluka m'magazi, maselo oyera n'kutsika kwambiri. Tengani mabuku onse a kuchipatala ndi mabotolo onse, muwaonetse dokotala.

Za m'zigubu zogulitsidwa pa WhatsApp zoti "zimasungunula chotupa" zimadutsanso m'chiwindi chomwecho, ndipo ogulitsawo sangakuuzeni zomwe athiramo. Miyezi imene mayi akuyesa zimenezo, chotupa chomwe chikanachotsedwa ndi opaleshoni chimakhala chikufalikira kukhwapa, kumafupa ndi kumapapo.