Musananyamuke pa gombe, kulitsani mapu

Masiku ano tabuleti wamba ikugwira ntchito yomwe kale inkafuna makina odula a m'sitima zikuluzikulu. Mukaikamo pulogalamu ngati Navionics, yomwe mwini wake pano ndi kampani ya Garmin, kapena C-MAP, mumangodina pomwe muli ndi pomwe mukupita, iyo n'kukujambulirani njira, kutalika kwake ndi nthawi yomwe mukafike. Ine ndimalimbikitsa eni maboti kuti azigwiritsa ntchito mapulogalamuwa. Koma mapu ake ali ndi khalidwe lina lomwe ambiri salidziwa, ndipo ndi loopsa.

Mapu a papepala amaonetsa zonse nthawi imodzi. A pa tabuleti satero. Mukawachepetsa kuti ulendo wonse ukwane pa sikirini, pulogalamu imabisa tizilumba, matanthwe ndi manambala osonyeza kuya kwa madzi, poopa kuti chithunzi chingadzadze. Mumaona madzi okhaokha, mtima n'kukhala m'malo, pomwe mwala uli pomwepo pansi pa mzere wanu.

Izi zinawaonekera akatswiri enieni. Usiku wa pa 29 Novembala 2014, boti la Team Vestas Wind, lomwe linali pa mpikisano wa Volvo Ocean Race kuchoka ku Cape Town kupita ku Abu Dhabi, linakakwera pa matanthwe a Cargados Carajos, kumpoto chakum'mawa kwa Mauritius, likuthamanga pafupifupi makilomita 35 pa ola. Anthu onse 9 anapulumuka, koma botilo linaphwanyika koopsa. Ofufuza anapeza kuti matanthwewo analimo m'mapu a pa kompyuta yawo, kungoti sankaoneka bwino mapuwo akachepetsedwa.

Choncho pulogalamu ikakupatsani njira, musathamangire kuliza injini. Khalani pansi pa gombe pomwepo, kulitsani mapu ndi zala ziwiri mpaka manambala a kuya atuluke, ndipo muutsate mzerewo pang'onopang'ono kuyambira ponyamukira mpaka pokocheza. Pomwe wadutsa pafupi ndi mwala, usunthireni kutali. Onaninso nambala yomwe munalemba m'pulogalamuyo ya momwe boti lanu limalowera pansi m'madzi, chifukwa pulogalamu imasankha njira potengera nambala imeneyo. Muiyese boti litasenza katundu, osati lili lopanda kanthu, ndipo muwonjezerepo ndithu.

Zina ndi zachidule. Koperani mapu muli kumtunda, poti pakati pa nyanja netiweki imathawa. GPS, yomwe imasonyeza pomwe muli, payokha sifuna bando, koma iPad ya Wi-Fi yokha ilibe GPS m'kati mwake; yomwe ili nayo ndi ija yolowa simu khadi. Tabuleti ikakhalitsa padzuwa imatentha n'kudzizimitsa, ndipo sikirini yowala kwambiri imadya batire msanga, ndiye pakhale pawabanki, chikwama chosalowa madzi ndi kampasi.

Kwa ife a pa Nyanja ya Malawi pali chinanso. Madzi athu amakwera ndi kutsika malinga ndi mvula, moti mwala womwe unali poyera chaka china umakhala utabisala pansi pa madzi chaka chotsatira. Mapu sadziwa zimenezo. Sadziwa pomwe asodzi atchera matchera awo usiku, kapena kuti mwera wa mu Julayi usandutsa njira yachidule ya pakati pa nyanja kukhala yosayendeka. Njira yanuyo muwaonetse asodzi a pa dokopo musanamasule chingwe, ndipo akakuuzani kuti apa pali mwala, ikani chizindikiro pa mapu anu nthawi yomweyo.