Foni ikamalira mu situdiyo, kodi ndiye kuti anthu akumvera?

Anthu ambiri amaganiza kuti ife a pa wailesi tili ndi makina otiuza kuti pa ola lakutilakuti atsegula wailesi ndi anthu angati. Makina otero kulibe. Mlongoti umangomwaza mawu basi. Kaya agwera m'khutu la munthu ku Chadiza, kaya angokathera m'mapiri a ku Vubwi, ife mu situdiyo sitiona. Ndakhala ndikukonza ndandanda ya mapulogalamu pa wailesi ina ya m'dera kuno kum'mawa kwa Zambia kwa zaka ndithu, ndipo khungu limeneli silinandisowetsepo tulo ngati mmene linachitira nthawi ya Covid-19.

Odwala awiri oyamba m'Zambia analengezedwa pa 18 March 2020, anthu amene anali atangofika kuchokera ku France. Pa 20 March masukulu anatsekedwa. Pasanathe sabata, Pulezidenti Edgar Lungu analamula kuti mabala atsekedwe ndiponso kuti anthu asasonkhane kupitirira 50. Kuyambira pamenepo ndandanda yathu, imene tinaizolowera ngati njira ya kumunda, inayamba kutisocheretsa.

Ku America ndi ku Ulaya, nthawi yonona pa wailesi ndi m'mamawa ndi madzulo, anthu ali m'galimoto popita ndi pochokera kuntchito. Malonda okwera mtengo amaikidwa pamenepo. Anthu atatsekeredwa m'nyumba, nthawi imeneyo inaphwa. Anzanga ena atawerenga zimenezi pa intaneti anafuna kuti nafenso tigwedeze pulogalamu ya m'mawa. Ndinakana, ndipo mpaka lero ndikuona kuti ndinachita bwino. Dziko lathu silinatsekedwe lonse. Ku Nakonde, kumalire ndi Tanzania, kunatsekedwadi kwa kanthawi mu May, koma ku msika wa Kapata ku Chipata amayi anapitiriza kuyala tomato, anyamata a njinga anapitiriza kunyamula anthu, ndipo kumudzi inali nyengo yokolola. Mlimi wa ku Chipangali analawirirabe ndi kawailesi kake ka sola, n'kukakoleka pa mtengo m'mbali mwa munda monga chaka chilichonse.

Chimene chinasintha kwathu kuno ndi dzanja logwira wailesiyo. Banja lambiri lili ndi wailesi imodzi. Masiku onse, pakati pa m'mawa inkakhala ya amayi, ana ali kusukulu. Tsopano ana anali pakhomo tsiku lonse, ndipo mwana wa giredi 9 akagwira wailesi amasaka nyimbo, sasaka za mtengo wa soya. Usiku, abambo amene ankachedwa ku bala anali pakhonde dzuwa litangolowa. Lamlungu m'mawa, nthawi imene tinkaiona ngati yakufa poti anthu ali kutchalitchi, inasanduka nthawi imene mudzi wonse watchera khutu, ena ku Misa ya pa Radio Maria, ena kwa abusa amene anagula mphindi pa mawailesi enafe.

Ndadziwa bwanji zonsezi, poti ndanena kuti sitiona? Funso lenileni ndi limenelo.

Kumene kuli ndalama amawerenga omvera m'njira ziwiri. Ina, anthu osankhidwa amapatsidwa kabuku kolembamo zimene amvera kwa sabata. Ina, imene kampani ya Nielsen imagwiritsa ntchito m'mizinda ikuluikulu ya ku America, munthu amayenda ndi kachipangizo kamene kamatola chizindikiro chobisika m'mawu a wailesi iliyonse. Ngakhale kumeneko mliri unawapunthwitsa. Ku Britain, bungwe la RAJAR, lowerengera omvera wailesi, linaleka kafukufuku wake chifukwa antchito ake sakanatha kugogoda m'makomo, ndipo litatulutsa ziwerengero za miyezi itatu yoyamba ya 2020 linakhala chete mpaka October 2021. Chaka ndi theka, mawailesi aakulu ngati BBC analibe muyeso wawo wa nthawi zonse.

Ife kafukufuku wotere sitingamufike pa mtengo. Timawerenga mafoni olira, ma SMS, ndemanga za pa Facebook, ndi zimene atiuza a m'magulu omvera wailesi m'midzi. Mu April ndi May 2020 foni sinkapuma, ndipo aliyense mu ofesi ankati omvera achuluka. Mwina anachulukadi. Koma tsiku lina ndinakhala pansi ndi kabuku kamene olandira mafoni amalembamo, n'kuyamba kuchonga mayina obwerezabwereza. Ambiri anali omwewo amene timawadziwa ndi mawu omwe: abambo, a m'tauni kapena pafupi ndi msewu wa Great East, okhala ndi talk time ndi netiweki yabwino. Ankangoimba kawiri pamene kale ankaimba kamodzi, chifukwa analibe kopita. Foni imayeza thumba la woimba. Gogo wa ku Msoro amene sadumphitsa pulogalamu ngakhale imodzi, m'kabukumo mulibe dzina lake.

Chida chokha chimene chinkatifikitsa kwa amayi a kumudzi chinali magulu omvera aja. Anthu khumi kapena makumi awiri amakhala pansi pa mtengo wa mango, kumvera pamodzi, kukambirana, mlembi wawo n'kutitumizira zimene agwirizana. Kusonkhana kutayamba kuopsa, magulu ambiri anabalalika. Pa nthawi imene tinkafunitsitsa kudziwa ngati uthenga wosamba m'manja ukumveka, khutu lathu labwino ndi limene linagontha.

Za ndalama ndizinena mwachidule, chifukwa zimandipweteka mutu ndikazikumbuka. Otsatsa malonda athu ndi eni mabala, malo ogona alendo, mabasi, masukulu olipira, oimba okonza madansi. Onsewo anagwa tsiku limodzi. Alendo odzaona nyama ku Mfuwe anasowa. Mwambo wa Kulamba ku Mkaika, umene umadzaza ndandanda ya malonda mwezi wa August, sunachitike mu 2020. Kwacha inagwa mpaka dola imodzi inapitirira K20 chaka chisanathe, magetsi akuzimazima chifukwa cha kuchepa kwa madzi ku Kariba, ife tikuthira dizilo mu jenereta. Pamwamba pa izo tinkayembekezeredwa kuulutsa mauthenga a zaumoyo mwaulere. Mkangano wa nkhani yomweyi pakati pa boma ndi Prime TV ku Lusaka unatsatiridwa ndi kulandidwa kwa laisensi ya kanemayo ndi bungwe la IBA, loyang'anira mawailesi ndi makanema, mu April 2020, ndipo aliyense wa ntchito yathu anamva phunzirolo popanda womufotokozera.

Mabungwe othandiza atayamba kulipira mauthenga a Covid, tinapuma pang'ono, koma tinagwa m'dzenje lina. Uthenga umodzimodzi, mawu omwewo, kanyimbo komweko, kangapo pa ola. Khutu limachita chikanga ngati dzanja la wolima. Pofika nyengo yozizira anthu ankati akangomva kanyimboko amapotoza wailesi, ndipo kuno kopotozera n'kosasowa: mawailesi a ku Malawi amamveka bwinobwino m'madera ambiri a kufupi ndi malire a Mwami. Kumenekonso kunali chisokonezo chake. Khoti la ku Malawi litaimitsa lamulo lotsekera anthu m'nyumba kwa masiku 21 mu April 2020, tinalandira mafoni a anthu ofunsa ngati chigamulocho chikukhudzanso Chipata. Chilankhulo ndi chimodzi, malamulo ndi a maiko awiri, ndipo womvera sayang'ana mapu asanatsegule wailesi.

Mu situdiyo momwemo zinthu zinasanduka zachilendo. Chipinda chathu n'chaching'ono, chopanda zenera, makoma ake omatidwa siponji kuti mawu asamabwerere. Malo abwino ofalitsira chifuwa kuposa amenewo sindikuwadziwa. Tinaleka kuitana alendo. Siponji ya pa maikolofoni, imene inkakhala miyezi osaikhudza, tinayamba kuichapa ndi kuiyanika pa waya kuseri ngati masokosi. A zaulimi ndi a zaumoyo anayamba kulankhula pa foni kapena kutumiza mawu ojambula pa WhatsApp. Woulutsa zamasewera, ligi ya ku England itaima kuyambira March mpaka 17 June, anapulumukira kwa akuluakulu okumbukira mpira wa kale, ndipo kunena zoona pulogalamu yake inakoma kuposa mmene inalili.

Maphunziro a pa wailesi sanali achilendo, poti ambiri tinakula tikumva Taonga Market. Koma phunziro la pa wailesi limayenda pakakhala wamkulu pambali wogwira choko. Mwana yekha, ndi wailesi imene bambo ake akufuna kumverapo nkhani, sapita nalo patali. Makalasi a mayeso atabwerera pa 1 June ndipo ena onse mu September, ana amene ndinawafunsa ankakumbuka nyimbo za pakati pa phunziro kuposa phunzirolo.

Cholakwa changa chachikulu chinali kusiya mafoni otsegula pa nkhani ya katemera atafika mu April 2021. Munthu amaimba, n'kunena molimba mtima kuti katemera amatseka mimba, ndipo pofika pamene woulutsa wamudula, mawuwo afika kale m'midzi yonse. Kutsutsa kumabwera pambuyo, mozizira. Tinasintha: mafunso tinkayamba tawajambula, n'kuwapereka kwa namwino wodziwa kulankhula Chichewa cha kumudzi, amene m'malo mwa mawu a m'buku amanena za timadontho ta malovu totuluka munthu akayetsemula. Oimba okhazikika aja anakwiya kuti tawatsekera pakamwa. Mafoni anachepa, ndipo ena mu ofesi anati pulogalamu yafa. Koma anamwino a m'zipatala zazing'ono anatiuza kuti amayi akubwera ndi mafunso omwe aja, m'mawu omwe aja amene anawamva pa wailesi.

Kenako inafika June 2021. Funde lachitatu la Covid linakula, Kenneth Kaunda anamwalira pa 17 mwezi womwewo dziko n'kulowa m'maliro, ndipo misonkhano ya ndale italetsedwa chisankho cha pa 12 August chikuyandikira, andale anathamangira kudzagula nthawi pa wailesi. Ndalama inabwerera m'nyumba mwezi umene mauthenga a maliro anatalika kwambiri. Anthu sankaloledwa kudzaza pa siwa, motero banja linkatumiza mwana pa njinga ndi kapepala kong'ambidwa mu kope ya kusukulu: dzina la malemu, mudzi, mfumu, tsiku loika. Mphindi zimene tinkapatula zinaleka kukwana. Ndinachotsa nyimbo za madzulo kuti mapepala onse awerengedwe, ndipo pa nthawi yonse imene woulutsa ankawerenga mayinawo, foni ya mu situdiyo sinkalira ngakhale kamodzi.