Kusindikiza ndalama zambiri sikungathetse umphawi

Uthenga uja wabweranso m'magulu a WhatsApp: akuti boma lili ndi makina osindikizira ndalama, koma likukana dala kusindikiza zambiri n'kugawira aliyense kuti umphawi uthe. Abale anga, izi si zoona.

Ndalama zimangoyimira katundu. Mukachulukitsa ndalama koma matumba a chimanga pamsika akhala omwewo, ogula amalimbirana chochepacho ndipo wogulitsa amakweza mtengo. Ndowa ya chimanga yomwe munagula dzulo, mawa mulipira kawiri. Wovutika kwambiri amakhala mphunzitsi wodikira malipiro a pamwezi, komanso agogo amene anasunga tindalama tawo m'chitini.

Anzathu a ku Zimbabwe anaziona ndi maso. Mu 2008 mitengo inkakwera tsiku ndi tsiku, mpaka kumayambiriro kwa 2009 kunatuluka pepala limodzi la madola 100 thililiyoni. Chaka chomwecho dzikolo linasiya ndalama yake n'kuyamba kugwiritsa ntchito dola ya America ndi randi.

Mukalandira uthenga wotere, dzifunseni: walemba ndani, nanga liti? Za ndalama imalengeza ndi Reserve Bank of Malawi, ndipo ziwerengero za kukwera kwa mitengo zimatuluka mwezi uliwonse ku National Statistical Office ku Zomba. Ngati nkhaniyo kulibe kumeneko, chonde musaitumize kwa ena.