Ofufuza za umoyo sagulitsa magazi athu

M'midzi ya ku Chipata, Katete ndi Petauke ku Zambia, galimoto ya ofufuza za umoyo ikangoima, mphekesera imabuka: akuti magazi amene amatenga amakagulitsa kwa a Satana. Ena amafika potseka zitseko n'kuthawira kudimba.

Limeneli ndi bodza. Magaziwo amawayeza kuti adziwe mmene matenda afalikira m'dera. Pofufuza malungo, mwana amangomubaya pachala, kadontho kokha n'kokwanira kuona ngati muli tizilombo. Pa kafukufuku wa ZAMPHIA mu 2016 ndi 2021 anayeza HIV khomo ndi khomo m'dziko lonse la Zambia, ndipo zotsatira zake zimathandiza boma kudziwa kumene ma ARV akufunika kwambiri. Munthu wamkulu ali ndi magazi pafupifupi malita 5. Kabotolo kamene amatenga aja n'kakang'ono zedi, thupi limabwezeretsa msanga.

Komanso ofufuza sangobwera mwachisawawa. Lamulo la 2013 limafuna kuti akhale ndi chilolezo cha National Health Research Authority, bungwe la boma loyang'anira kafukufuku wa za umoyo. Asanakubayeni ayenera kukufotokozerani m'chilankhulo chimene mumamva, inu n'kusaina kapena kudinda chala. Mukakana, palibe angakumaneni chithandizo kuchipatala. Koma wobwera wopanda kalata, amene anyakwawa sakumudziwa, ameneyo mumufunsitsitse.