Agogo akati “ndi chimfine chabe”

Kuno ku Dedza mwezi wa Juni ukafika, nkhungu ikamakuta phiri mpaka dzuwa kukwera, mzere wa kuchipatala umadzaza ndi anthu otsokomola. Pakati pawo sipalephera kukhala agogo amene abwera nawo panjinga atawafunditsa bulangete. Ndikawafunsa kuti, “Agogo, mwayamba liti kumva chonchi?” yankho limakhala lomwelo: “Mwana wanga, ndi chimfine chabe, chisanu chachulukachi.” Koma ndikaona mmene akupumira, mothamanga komanso mobanika, ndimadziwa kuti chimfinecho chinatsegulira kale khomo chibayo.

Mawu akuti chimfine timatchulira matenda awiri osiyana. Pali chimfine cha mamina ndi kuyetsemula, chimene munthu amapita nacho kudimba n'kubwerako bwinobwino. Ndiye pali fuluwenza, amene amagwetsa munthu mwadzidzidzi. M'mawa anali kukumba mbatatesi, madzulo thupi latentha, mutu ukuwawa, m'thupi monse mwaphwanya, akutsokomola chouma. Ameneyu ali ndi kachilombo kakekake kotchedwa influenza, ndipo ndi fuluwenza amene anapulula anthu padziko lonse mu 1918, kuno kwathu osasiyako. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati ngakhale masiku ano anthu apakati pa 290,000 ndi 650,000 amamwalira chaka chilichonse chifukwa cha matenda a m'mapapo obwera ndi kachilomboka.

Chisanu pachokha sichiyambitsa fuluwenza. Chimene chimachita n'kutiunjika m'nyumba, mawindo otseka, tikuwotha moto muutsi, mdzukulu wochokera kusukulu n'kumatsokomolera agogo ake pamphasa imodzi. Ndipo m'mayiko ngati lathu kachilomboka kamayendanso miyezi ina, ngakhale m'dzinja.

Mdzukuluyo amachira patatha sabata. Agogo ndiye amavutika, chifukwa munthu akamakula asilikali a m'thupi amachedwa kudzuka. Kachilombo kakasupula njira za mpweya, mabakiteriya amapeza polowera, ndiye chibayo chija. Ngati pali shuga, matenda a mtima, mphumu kapena mapapo amene anavulazidwa ndi TB, fuluwenza amadzutsa zonsezo nthawi imodzi. Kafukufuku wa ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre anapezanso kuti akuluakulu amene ali ndi HIV amadwala fuluwenza kawirikawiri ndiponso mwakayakaya kuposa anzawo. Izi zimandikhudza kwambiri chifukwa ambiri amene anayamba ma ARV zaka zapitazo lero ndi agogo.

N'chifukwa chake WHO imalimbikitsa kuti okalamba, makamaka oyambira zaka 65, ndi onse odwala matenda amgonagona azibayitsa katemera wa fuluwenza chaka ndi chaka. Funso limene ndimalimva kwambiri n'lakuti, “Bwanji chaka chilichonse, pamene katemera wa chikuku tinabaya tili ana basi?” Kachilombo ka chikuku sikasinthasintha. Ka fuluwenza kamasintha khungu lake pang'onopang'ono, moti asilikali amene anakazindikira chaka chatha akhoza kukadutsa osakadziwa chaka chino. Chitetezo cha katemerayo nachonso chimachepa miyezi ikamapita. Choncho akatswiri amakumana kawiri pachaka kusankha mitundu ya kachilombo yoti ilowe m'katemera watsopano: mu Febuluwale posankhira mayiko a kumpoto kwa dziko lapansi, mu Seputembala posankhira a kummwera.

Ndinene zoona zake zonse. Katemerayu satseka khomo kotheratu, ndipo kwa okalamba mphamvu yake imachepako poyerekeza ndi achinyamata. Munthu wobayitsa akhoza kudwalabe, ndipo chimfine wamba chija sachiletsa. Phindu lake n'lakuti amachepetsa mwayi woti matenda afike pogonekedwa m'chipatala kapena kutaya moyo. Wa jakisoni alibe kachilombo kamoyo, choncho sangapatse munthu fuluwenza. Mkono ukhoza kuwawa, thupi n'kutenthako tsiku limodzi kapena awiri. Chitetezo chimakhwima pakatha masabata awiri. Amene ali pa ma ARV, pa mankhwala a shuga kapena a BP akhoza kubayitsa. Amene thupi latentha kwambiri tsikulo adikire achire kaye, ndipo amene anatupapo nkhope kapena kubanika atabayidwa katemera auze adokotala asanabayidwe. Katemera wa COVID-19 ndi wina, salowa m'malo mwa uyu.

Povuta ndi popeza katemera wa fuluwenzayu. Sali pa ndandanda wa akatemera a kusikelo, ndiye musadikire kuti alangizi a zaumoyo abwera naye m'mudzi. Pofunsa ndi m'zipatala zolipira za m'tauni, ndipo imbani kaye foni musanakweze agogo minibasi ya ku Lilongwe. Apa ndikulankhula ndi inu ana amene muli pantchito m'tauni kapena ku Joni, amene mumatumiza ya feteleza chaka chilichonse: ikanipo ndi ya katemera wa amayi ndi abambo. Koma chonde musagule katemera n'kumutumiza pabasi m'chikwama. Amafunika kusungidwa pozizira, pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo akatenthedwa panjira ndiye kuti watha ntchito. Akabayitsa, pemphani kuti tsikulo lilembedwe m'buku lawo la kuchipatala.

Kaya abayitsa kapena ayi, agogo akayamba kupuma mothamanga, kumva kuwawa pachifuwa, kusokonezeka mutu, kukana kumwa madzi, kapena ngati anayamba kupezako bwino kenako thupi n'kutenthanso, musataye masiku ndi makapusozi a kugolosale. Amoxicillin sapha kachilombo ka fuluwenza. Atengereni kuchipatala tsiku lomwelo, buku lawo ndi mankhwala onse amene amamwa zili m'manja, kuti tikawapime malungo ndi kuwamvetsera m'chifuwa.