Mazira ochepa mwa mayi: mwayi wobwera ndi mwana kunyumba kudzera mu IVF

Uthenga uwu ndi wa mabanja a ku Mulanje ndi ku Thyolo amene akhala zaka osaona mphatso ya mwana, makamaka amene dokotala wawauza kuti mayi ali ndi mazira ochepa ndipo ayamba kulingalira zogulitsa munda kapena kutenga ngongole kuti akayese IVF, njira yophatikiza dzira ndi umuna kunja kwa thupi, ku South Africa kapena ku India. Kusabereka si vuto lachilendo, chifukwa mu 2023 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena kuti pafupifupi munthu 1 mwa akuluakulu 6 alionse amakumana nalo pa moyo wake.

Mwana wamkazi amabadwa ndi mazira ake onse, pakati pa 1 miliyoni ndi 2 miliyoni, ndipo thupi silipanganso ena. Pamene akutha msinkhu amakhala atatsala 300,000 kapena 400,000, ndipo amanka nachepa mwezi ndi mwezi mpaka mayi adzasiye kusamba. Mapilitsi olera ndi jakisoni wa Depo samaliza mazira monga amanenera ena pachitsime, ngakhale kuti Depo amatha kuchedwetsa pakati kwa miyezi ingapo mayi atasiya kubayitsa. Chimene chimachepetsa mazira kwambiri ndi zaka, makamaka mayi akadutsa 35, kenako opaleshoni ya pa mabasiketi a mazira, mankhwala a khansa, matenda a endometriosis (pamene minofu yonga ya m'kati mwa chiberekero imamera kunja kwake) ndi kusuta fodya.

Pofuna kudziwa mazira amene atsala, dokotala amalowetsa kachipangizo kojambulira mu njira ya abambo, ndipo pa sikirini pamaoneka timadontho takuda tonga njere za nandolo. Kadontho kalikonse ndi kathumba kosunga dzira losakhwima, ndipo iye amatiwerenga kamodzikamodzi, kumanja ndi kumanzere. Tikakhala tosafika 5 kapena 7 mbali zonse ziwiri pamodzi, mazira achepa. Amathanso kuyeza magazi kuti aone mlingo wa AMH, homoni yochokera m'timathumbati imene imatsika mazira akamachepa. Koma mayi wachitsikana amene akusamba bwino asataye mtima ndi zotsatira zimenezi, pakuti kuyezaku kumalosera mmene thupi lidzamvere mankhwala a IVF, osati kuti sangatenge pakati kunyumba. Mwezi uliwonse thupi limangofuna dzira limodzi.

IVF inayamba kubala zipatso pa 25 July 1978, pamene Louise Brown anabadwa ku Oldham, ku England. Mayi amabayidwa jakisoni pamimba tsiku lililonse kwa masiku 10 kapena 12 kuti mazira ambiri akhwime nthawi imodzi. Kenako madokotala amawakoka ndi singano, kuwaphatikiza ndi umuna mu labotale, ndipo pakapita masiku 3 kapena 5 amaika mluza m'chiberekero. Amayi ena thupi lawo silimva jakisoniyu mokwanira. Mu 2011 akatswiri a bungwe la ku Ulaya loona za kubereka la ESHRE, pa mfundo zimene zimatchedwa ndi dzina la mzinda wa Bologna, anagwirizana kuti mayi ali m'gulu limeneli ngati ali ndi ziwiri mwa zinthu zitatu izi: zaka 40 kapena kuposerapo kapena chiopsezo china chodziwika, kupezeka ndi mazira 3 okha kapena ochepera pa ulendo wapitawo woyesa IVF, ndiponso zotsatira zotsika za sikani kapena za AMH.

Kuchepa kwa mazira kumapweteka chifukwa pa sitepe iliyonse ena amatsala m'njira. Tiyerekeze kuti akoka mazira 3. Limodzi likhoza kukhala losakhwima, lachiwiri n'kukana umuna, lachitatu n'kukhala mluza koma n'kusiya kukula tsiku lachitatu, ndipo banja libwerera kwawo osaikidwa kanthu, ndalama za ndege ndi za mankhwala zitapita kale. Kafukufuku wa ku UK wa mu 2011, amene anaunika maulendo a IVF oposa 400,000, anapeza kuti mwayi wobereka mwana wamoyo umakwera mazira akamachuluka, mpaka kufika pa mazira pafupifupi 15.

Apa mpofunika kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene otsatsa malonda amakonda kuzisakaniza: kukhala ndi pakati ndi kubereka mwana wamoyo. Mazira a mayi wamkulu amakhala ndi zolakwika zambiri mu ma chromosome, tizinthu tosunga chibadwa cha mwana, choncho pakati pambiri pamapita padera. Pa zaka 40 mpaka 44 zimachitika pafupifupi pa mimba 1 mwa 3, ndipo kuyambira zaka 45 mimba zoposa theka zimachoka. Bungwe la HFEA, limene limayang'anira zipatala za IVF ku UK, linapeza kuti mu 2019, pa miluza 100 yoikidwa mwa amayi osafika zaka 35, ana obadwa anali pafupifupi 32, pamene mwa amayi a zaka 43 kapena kuposerapo, ogwiritsa ntchito mazira awoawo, sanafike 5. Ziwerengerozi ndi za amayi onse amene anafika poikidwa mluza, kutanthauza kuti kwa amene mazira achepa mwayi umatsikirapo, popeza ena safika n'komwe pamenepo. Komabe mayi wa zaka 31 wokhala ndi mazira 3 ali pabwino kusiyana ndi wa zaka 42 wokhala ndi mazira 3 omwewo, chifukwa a wachitsikanayo ndi ochepa koma ambiri ndi abwino. Akatswiri a gulu la POSEIDON anazindikira zomwezi mu 2016 pogawa amayiwa m'magulu, malire ake ali pa zaka 35.

Kuonjezera mankhwala sikubweretsa mazira amene kulibe. Malangizo a ESHRE salimbikitsa kupyola mayunitsi 300 a jakisoni patsiku kwa amayi oterewa, ndipo mankhwala oonjezera monga DHEA, amene zipatala zina zimalipiritsa padera, alibe umboni wokwanira wakuti amachulukitsa ana obadwa. Njira imene imakwezadi mwayi kwa mayi wamkulu ndi kulandira mazira kwa mayi wachitsikana, chifukwa chiberekero sichikalamba msanga ngati mazira. Koma imeneyi ndi nkhani yoti mwamuna ndi mkazi akhalirane pansi mofatsa, makamaka kuno kumene mwana amawerengedwa mbumba ya kuchikazi.

Chimene chimadya mabanja ambiri kuno kwathu ndi kuchedwa. Zaka zimatha akuzungulira kwa asing'anga, ankhoswe akukambirana, mlandu uli pa mkazi yekha, chonsecho pafupifupi theka la mabanja osabereka vuto limakhudzanso mwamuna, ndipo kuyeza umuna n'kosavuta. Mwa amayi ambiri chotsekereza si mazira, koma machubu amene anaonongeka ndi chinzonono, matenda obwera pambuyo pochira kapena popita padera, kapenanso likodzo lotengera m'mitsinje ndi m'madambo. Banja lipite kuchipatala, onse awiri, likatha chaka osaona pakati, kapena miyezi 6 yokha ngati mayi wadutsa zaka 35. Yambirani kuchipatala chaching'ono kapena chachikulu cha Mulanje kapena Thyolo, Mulanje Mission kapena Malamulo, kumene angakutumizeni kwa akatswiri a matenda a amayi ku Queen Elizabeth ku Blantyre.

Musanapereke ndalama ku chipatala chilichonse cha IVF, funsani kuti: "Mwa amayi 100 a msinkhu wanga ndiponso a mazira ochepa ngati ine amene anayamba jakisoni kuno, ndi angati anabereka mwana wamoyo?" Funsaninso ndalama zimene mudzalipire ngati ulendo waimitsidwa mazira asanakokedwe, ndipo yankho lake akulembereni papepala.