Kuwedza panokha pa tchuthi: mayankho pa lamulo la mperekezi pa loji yathu

Chikhomereni chikalata pa risepushoni chonena kuti mlendo wofuna kukawedza kunja kwa gombe la loji yathu, pa nyanja ya Malawi ku Mangochi, apite ndi mperekezi, madandaulo sakutha. Ena akuti tikuwadyera masuku pamutu, ena akuti tikuopseza anthu ndi nyama zoti kulibe. Antchito athu akhala akuyankha mafunso omwewo m'mawa uliwonse, ndiye tawalemba pano pamodzi ndi mayankho ake.

Lamuloli likukhudza ndani?

Aliyense wonyamukira pa malo athu kukaponya mbedza kupitirira zikwangwani za kumapeto kwa mchenga wathu, kaya pa bwato, kaya poyenda m'madzi.

Pa gombe penipeni ndingawedze ndekha?

Inde, kuyambira dzuwa litatuluka mpaka 5 koloko madzulo. Nsomba musatumbulire m'madzi, pitani nazo kukhitchini.

Ndinawedzapo ndekha ku Vilankulo ndi ku zilumba za Bazaruto ku Mozambique, madzi akulekeza m'mawondo, popanda wondilondera. Kuno chavuta n'chiyani?

Funsoli timalimva kwambiri kwa alendo a ku Blantyre ndi ku Lilongwe amene anayendako kunyanja ya mchere, ndipo luso lawo sitikulikayikira. Kumeneko madzi akaphwa, mchenga umaonekera mtunda wautali, munthu n'kumayenda pang'onopang'ono maso ali pansi kufunafuna nsomba ngati bonefish. Zoopsa zake amazidziwa: stingray, nsomba ya munga wobaya kumchira yobisala mumchenga, imene amaipewa pokhwekhwereza mapazi m'malo moponda, shaki zobwera zikamva magazi a nsomba yokodwa, ndiponso madzi amene amabwerera pakatha maola pafupifupi 6 n'kutsekereza munthu kutali ndi mtunda.

Kuno n'kosiyana. Stingray imabaya chifukwa mwaiponda. Ng'ona imachita kusaka. Imaloweza malo amene munthu amakonda kuima tsiku ndi tsiku, ndipo madzi olekeza m'mawondo ndi okwanira kuti yaikulu ibisale. Nthawi imene nsomba zimadya bwino, mbandakucha ndi chisisira, ndi yomweyonso imene ng'ona imakhala tcheru. Tsono woima chilili pafupi ndi bango, nsomba zomwe wagwira atazimangirira m'chiuno monga amachitira ena kunyanja ya mchere, wadziika pa ngozi yaikulu asakudziwa.

Palinso mvuu. Imadya kumtunda usiku, nthawi zina m'minda ya anthu, ndipo imabwerera m'madzi m'mamawa podzera njira yake yomweyo. Mukapezeka pakati pa iyo ndi madzi, kapena pafupi ndi mwana wake, sikhala ndi nthawi yokuonani kuti ndinu mlendo. M'madzi imatha kumira mphindi pafupifupi 5 osaoneka. Ambiri mukukumbukira za mu Meyi 2023, pamene mvuu inagubuduza bwato pa Shire ku Nsanje, anthu n'kutaya miyoyo.

Sitikunena kuti nyanja yonse yadzaza zilombo. Pa magombe a mchenga woyera pamene anthu amasamba ndi kuchapa tsiku lililonse siziwonekawoneka. Koma wowedza sakhala pamenepo. Amalondola nsomba m'mabango, pa mathiriro a timitsinje, ndi cha kumene nyanja imatsira mu Shire kulowera ku Malombe, ndipo kumeneko ndiye kwawo kwa ng'ona ndi mvuu.

Ine ndine wa konkuno, ndinabadwira kwa Mponda, nkhafi ndinaigwira ndili mwana. Nanenso ndilipire mperekezi? Ndipo ndalamayo imapita kuti?

Apa ndi pamene pakhala mawu ambiri, choncho tiyankha mosamala. Choyamba, nyanja si yathu. Asodzi a m'mudzi amene amadutsa ndi mabwato awo kutsogolo kwa loji sitiwaletsa ndipo tilibe mphamvu yowaletsa. Lamuloli ndi la amene alembedwa m'buku lathu la alendo, kapena abwereka bwato, ndodo yowedzera ndi jekete yoyandamitsa kwa ife. Munthu wotere akapanda kubwera madzulo, oyamba kufunsidwa ndi apolisi komanso achibale ndife.

Chachiwiri, kubadwira ku Mangochi sitikukupeputsa. Koma amene akhala zaka zambiri m'tauni amadziwa nyanja ya kale. Madzi atakwera kwambiri mu 2024, magombe ambiri a kuno anamira, bango linamera pomwe panali mchenga, ndipo malo ena amene ana ankasambira asanduka obisika. Chimene mukulipira kwa mperekezi ndi nkhani za lero. Iye amadzuka kusanache n'kuyendera gombe: amaona mkwekwe wa mchira wa ng'ona pamchenga wonyowa, mapazi a zala zinayi a mvuu, ndowe zomwazika pa udzu. Amamvanso kwa asodzi obwera ku usodzi wa usiku kuti gulu la mvuu lagona mbali iti.

Komabe tingathe kuganizira pempho la mlendo amene akufuna kupita ndi m'bale wake yemwe ndi msodzi wa pa dooko lapafupi, wodziwika ku komiti ya gombe ya BVC. Tikuti tingathe kuganizira, sitikulonjeza. Pempholo liperekedwe dzulo lake, m'baleyo abwere yekha tidzamuone, ndipo manijala ali ndi ufulu wokana popanda kukangana pa kauntala. Ngati pali ana pa ulendowo, nthawi zambiri tidzakana.

Za ndalama: mtengo uli pa bolodi, ndipo gawo lalikulu limapita kwa mperekeziyo, amene ndi wa midzi yotizungulira. Loji imatengapo kachigawo ka mafuta a injini ndi kukonzetsa majekete. Amene akuti kachigawoko n'kakakulu ali ndi ufulu woganiza choncho. Risiti imasonyeza magawo onse awiri, muziifunsa.

Kupatula chitetezo, mperekezi amathandizanso chiyani?

Amadziwa pamene mcheni ukulondola usipa, kuya kumene kampango amakhala, ndi nyambo yoyenera mwezi umenewo. Alendo ambiri amene ankadandaula poyamba amamufunanso tsiku lotsatira.

Kodi n'zoona kuti ng'ona inaonekapo pa gombe lanu?

N'zoona. Inaoneka nthawi ya madzi ambiri cha kumapeto kwa mchenga, kumene kuli bango. Palibe amene anavulala. Tinatseka gombe n'kudziwitsa a nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, amene ndiwo ali ndi udindo pa nyama yovutitsa. Alonda athu saloledwa kuipha kapena kuitchera. Sitingalumbire kuti ina sidzabweranso, n'chifukwa chake gombe limayenderedwa m'mawa uliwonse musanadzuke.

Ndikapita ku Cape Maclear, ndingaponye mbedza pa Thumbi kapena pa Otter Point?

Ayi. Malo amenewo ali m'kati mwa Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1984, makamaka chifukwa cha mbuna, tinsomba tamitundumitundu tokhala m'miyala. Madzi a mamita 100 kuchokera ku gombe la paki ndi otetezedwa, kuwedza n'koletsedwa. Zilumba za Domwe, Mumbo ndi Boadzulu nazonso ndi za paki. Mukagwidwa, mlandu ndi wanu, ndipo mperekezi wathu adzakana kukufikitsani kumeneko ngakhale mumuonjezere ndalama. Za chiphaso chowedzera ndi za nyengo yotseka nyanja, imene imayamba mu Novembala pofuna kuti chambo chiswane, funsani ku ofesi ya za nsomba pa boma musanabwere ndi zida zanu. Loji sipereka ziphaso.

Mwera ukawomba ulendo n'kulephereka, ndalama yanga ibwerera?

Ngati walepheretsa ndi mperekezi chifukwa cha mphepo, tidzakubwezerani kapena kukusinthirani tsiku. Izi zimachitika kawirikawiri mu Juni, Julayi ndi Ogasiti. Ngati mwapita n'kubwera chimanjamanja, sitibweza.

Nanga likodzo?

Lilipo m'nyanja muno, makamaka m'madzi osaya, odekha, a udzu, momwe mumakhala nkhono zofalitsa matendawa, ndipo malo amenewo ndi omwewo amene owedza amakonda kuimamo. Mperekezi sangakutetezeni ku ili. Ngati mwakhala mukuyenda m'madzi otere, kayezetseni kuchipatala pakapita miyezi iwiri kapena itatu, ngakhale musakuona magazi m'mkodzo. Mankhwala ake ndi praziquantel, ndipo mlingo wake amaupereka molingana ndi kulemera kwa thupi, choncho musagule mongoganiza.